Mwasintha CV Joint Mweka pa Yadi, Manje Motoka Ilila? Musathamangile Kugula Ina

Pa Chiwelu m'mawa mu Chilenje simungayende mtunda wautali m'tumiseu twa kumbali kwa Chilumbulu Road osaona ka Vitz, Corolla olo Spacio kali pa jeki, tayala ya kutsogolo ili pansi, mwini wake manja ali bii na gilizi. Nthawi zambili nkhani ni CV joint. Motoka izi zochokela ku Japan zimakoka na mawilo a kutsogolo, ndipo shafti iliyonse ili na majointi awili: ya kunja pafupi na wilo, na ya mkati ku mbali ya gearbox. Boot ya mphila ikang'ambika m'mabowo a mainza, gilizi imataika, matope alowa, jointi yatha.

Kukonza mweka kulibe mlandu, ndalama ya amakanika mwagulila unga. Koma mwatsitsa motoka, mwaliza, ndipo mwamva chongo chimene dzulo kunalibe. Apa ambili amangoti "anigulitsa gong'a" na kukwela basi kubwelela ku town kukakangana na wa ma spare. Yembekezani, ba boss. Ma gong'a aliko, zoona, koma kambili shafti ilibe mlandu: pali kanthu kamene manja anu anadumpha.

Yambani mwayang'ana pansi pamene motoka inagona. Mukapeza madontho a mafuta pansi pa gearbox, mwina shafti sinalowe mpaka kumapeto, olo munapweteka seal pamene munali kuikankha. Pa motoka zambili, kumapeto kwa shafti kuli ka ring kachitsulo kamene kafunika kukola mkati. Kakakola mumamva "khwa", ndipo mukakoka na manja pa mutu wa jointi ya mkati siibwelela. Ngati kanalephela kukola, tsiku lina pa ma robot a Burma Road mudzaponda moto, injini idzalila, motoka ili chiimile. Anthu amaganiza kuti gearbox yafa, pamene ni shafti chabe yazuka. Chimene chimapha gearbox zoona ni kuyendabe mafuta akutaika. Ndipo powonjezela, funsani bwino mtundu wake: ma Vitz ambili kuyambila 2005 ali na CVT, imene ifuna mafuta ake-ake, osati ATF wamba.

Manje nati ikulu ya pakati pa wilo. Apa ndiye pamene ambili timanama. Timatenga sipanala, kuikako paipi yaitali, kuitana mnyamata wonenepa kuti aimepo, basi ati yalimba. Pa Corolla ya zaka za m'ma 2000 buku ya Toyota ikamba 216 Nm, ndipo nambala iyi siidziwika na thupi ya munthu. Nati iyi ndiyo igwila wheel bearing pamodzi. Ikachepa mphamvu, wilo imasewela. Ikapitilila, bearing imafinyika. Zonse ziwili zimathela ku kulila kwa "huuu" kumene kukula pamene mwaonjezela liwilo, ndipo bearing ikalila siibwelela. Bwelekani torque wrench olo kwa ola imodzi, ikani nati yatsopano, na kukhomela mlomo wake mu kamphako ka pa shafti kuti isamasuke. Chinanso: musakankhe motoka kuichotsa pa geti shafti ili kunja. Bearing yopanda chomanga imaonongeka olo pa mtunda waufupi.

Ngati motoka injenjemela pamene muponda moto, maka-maka pokwela chitunda, koma ikhala zii mukachotsa mwendo, ganizilani jointi ya mkati. Imakonda kusokonezeka munthu akakoka shafti mwamphamvu pochotsa, tumawilo twake twa mkati n'kutuluka m'njila yake. Koma "ka-ka-ka" wa pokhota ni wa jointi ya kunja. Pezani bwalo yopanda anthu, pindani steering mpaka kumapeto, muzungulile pang'ono-pang'ono kumanja, kumanzele, na chobwelela kumbuyo. Ngati munasintha boot chabe pa jointi imene inali yayamba kale kulila, musadabwe, mphila siichilitsa chitsulo chodyeka. Yang'ananinso mkati mwa rimu: gilizi yomwazika ionetsa kuti boot munamanga na waya olo ka pulasitiki m'malo mwa clamp yake. Gilizi nayo ni ija yakuda yobwela mu paketi pamodzi na jointi, osati yotsala m'chitini cha ma bearing.

Nyali ya ABS ikayaka pambuyo pa nchito, onani poyamba ngati simunadule kawaya ka sensor. Ngati kali bwino, welengani meno a ring ya pa jointi ya kunja. Ma Toyota ambili a nthawi ija ali na meno 48, koma jointi yooneka chimodzimodzi ingabwele na nambala ina, olo yopanda ring. Ndiye chifukwa popita ku ma shop a ku Panganani Road musamangoti "nifuna ya Corolla". Nyamulani yakale m'saka, na chassis number ya pa white book, muziike pa kaunta mbali na mbali: utali, meno a kunja, meno a mkati. Ya kumanja na ya kumanzele si zofanana utali.

Zonse izi zifuna kuti mulowetse mutu pansi pa motoka, ndipo jeki ija yobwela na spare tayala inapangidwila kusintha wilo chabe. Mabuloko a simenti naonso amasweka osachenjeza. Ngati ma stand mulibe, bwelekani kwa aneba, mutsamike miyala ku mawilo a kumbuyo, ndipo tayala imene mwachotsa muigoneke pansi pa motoka pafupi na pamene mugwilila nchito.