Ana Athu ndi Masewela a Archero

Ambili a ife taonapo ana atawelamila pa foni, cala cili yendeyende pa galasi. Ena amakhala akusewela Archero, masewela amene kampani ya Habby ya ku Singapore inatulutsa mu 2019. Mtundu wake umachedwa roguelike, dzina locokela ku Rogue, masewela a pa kompyuta a mu 1980.

Muli kamunthu ka uta ndi mivi. Kakamayenda sikalasa, kamalasa pokhapo kataima. Conco odziwa amaima pang'ono, kulasa, n'kuzinda mivi ya adani, osakhalitsa pamodzi. Nthawi ndi nthawi amapatsidwa mphamvu zitatu kuti asankhepo imodzi, ndipo ocenjela amathamangila yoonjezela mivi. Koma kakafa, mphamvu zija zapita, ayambilenso cipinda coyamba. Apa m'pamene "kamodzi cabe, amama" amafika mpaka dzuwa kulowa, mbuzi zili m'munda wa eni.

Cotidetsa nkhawa n'cakuti kamunthu kakufako kamaukitsidwa mwa kuonelela malonda, amene amadya mabando, kapena ndi tumiyala twa m'masewelamo, tumene tumagulidwanso ndi ndalama zenizeni. Nthawi zambili foni imene timabweleka mwanayo ndi yomweyo yosungila ndalama za feteleza.