Kodi n'zololedwa kuwasungira galu makolo okalamba kapena m'bale waulumali?

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wake Muhammad.

Tsiku lina itatha Swala ya Jumu'ah kuno ku Mzuzu, bambo wina wochita geni ya nsomba, yemwe kwawo ndi ku Nkhotakota, anatitengera pambali kuti atifunse nzeru. Mayi ake, omwe maso awo anayamba kuchita khungu, amakhala nawo ku Chibavi. Iye amapita kunyanja kukapikula usipa mwina masiku atatu, mkazi wake amaswera kumsika, ana kusukulu, achimwene ake ali ku Joni. Masana ena akuba analowa kumpanda n'kutenga nkhuku ndi zovala pachingwe, mayiwo ali khale pakhonde osaona kanthu. Tsopano neba wina wasamuka n'kusiya galu wake, ndipo galuyo wazolowera kugona pafupi ndi khomo la agogowo.

"Sheikh," anatero bamboyo, "ndimuthamangitse kapena ndimusunge?"

Funsoli si la banja limodzi. Mzinda wa Mzuzu, womwe pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 220,000, uli ndi mabanja ambiri a Chisilamu ochokera ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi. Kumudzi nkhalamba sisowa woisuzumira. M'tauni muno, ku Chiputula, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, munthu wokalamba kapena waulumali amatha kukhala yekha kuyambira m'mawa mpaka Maghrib. Tiyeni tione bwino zimene chipembedzo chathu chikuphunzitsa.

Galu ndi cholengedwa cha Allah

Ambiri mwa ife tinakula tikudziwa kuti galu ndi najisi basi, ndipo ana athu akamuona amathamangira mwala. Uku n'kudziwa theka la nkhani. Mu Surah Al-Kahf, ndime 18, Allah akutiuza za anyamata okhulupirira omwe anagona m'phanga, galu wawo atatambasula miyendo pakhomo. Mu Surah Al-Maidah, ndime 4, akuloleza kudya nyama yogwidwa ndi zilombo zosakira zimene taziphunzitsa, tikatchulapo dzina lake. Ndipo m'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya munthu yemwe anatsikira m'chitsime, natunga madzi ndi nsapato yake n'kumwetsa galu waludzu, ndipo Allah anamukhululukira machimo ake. Maswahaba atafunsa ngati pali malipiro pochitira chifundo nyama, Mtumiki (SAW) anawayankha kuti alipo pa chamoyo chilichonse.

Choncho kugenda galu wosalakwa, kumuthira madzi otentha kapena kumupha ndi njala si chizindikiro cha Imani. Ndi tchimo.

Komabe chifundo ndi china, kusunga ndi chinanso. Mtumiki (SAW) anachenjeza kuti yemwe wasunga galu amachotseredwa gawo la malipiro ake tsiku lililonse, pokhapokha akhale galu wosakira nyama, wolondera ziweto kapena wolondera munda. Gawo limeneli Hadith ikulitchula kuti qirat, ndipo ina ikuti ma qirat awiri. Nanga wolondera nyumba? Imam An-Nawawi, mmodzi mwa akuluakulu a madh-hab a Shafi'i omwe ambiri a ife kunyanja timatsatira, anafotokoza kuti maganizo olondola kwambiri ndi oti n'zololedwa, chifukwa chomwe chinaloletsa zitatu zija ndi kufunika kwake. Ngati mbuzi ndi chimanga zingalonderedwe ndi galu, kuli bwanji mayi wosaona amene ali yekha pakhomo?

Apa ndiye pagona yankho lathu: galu amasungidwa chifukwa cha ntchito. Kuuwa pakabwera mlendo, kudzidzimutsa agogo osamva bwino kuti pageti pali munthu, kuopseza wakuba, kuchenjeza za njoka, zonsezi ndi ntchito zenizeni. Ngati agogowo apezanso chisangalalo pomupatsa chakudya ndi kumuyankhula, palibe vuto. Koma ngati cholinga n'kungochotsa kusungulumwa basi, ma Ulama ambiri salola galu. Pamenepo mphaka ndiye woyenera, poti Mtumiki (SAW) ananena kuti mphaka si najisi. Nkhunda ndi nkhuku nazonso zimamupatsa munthu wokalamba chodzukira m'mawa.

Nanga najisi tichita nayo bwanji?

Kwa a Shafi'i, galu ndi najisi yolemera. Akanyambita chiwiya, kapena akakhudza thupi ndi chovala pali chinyezi, malowo atsukidwe kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi madzi osakaniza dothi loyera. Koma galu wouma akakhudza nsalu youma, najisi sisamuka, ndipo palibe chotsuka. A Hanafi amati najisi ili m'malovu, osati paubweya. A Maliki amati galu wamoyo ndi woyera, ndipo kutsuka chiwiya kuja n'kumvera chabe lamulo la Mtumiki (SAW). Kwa munthu wodwala kapena waulumali yemwe kutsuka kasanu ndi kawiri kungamulemere tsiku ndi tsiku, kusiyana kumeneku ndi mpumulo, ndipo akambirane ndi Sheikh wa pamzikiti wake.

Chimene tikulangiza aliyense ndi ichi: galu akhale panja. Hadith ikutiuza kuti angelo a chifundo salowa m'nyumba momwe muli galu. Mumangireni kanyumba kake kumpanda, kofolera bwino, poti mvula ndi chisanu cha Mzuzu timachidziwa tonse. Akhale ndi mbale yakeyake, kutali ndi thandala la mbale, mgolo wa madzi ndi pochitira wudhu. Agogo akhale ndi chovala ndi mswala zoswalira zomwe sizituluka panja.

Wotayidwa aposa wogula

Pali mfundo ina imene ambiri saidziwa. Mtumiki (SAW) analetsa mtengo wa galu, ndipo pachifukwa chimenechi a Shafi'i salola malonda a agalu. Ndiye Msilamu yemwe akufunikadi galu, njira yoyera ndiyo kulandira wopatsidwa kapena wotayidwa, osati kugula tiana tomwe anyamata amatinyamula m'mbali mwa msewu, tambiri titalandidwa kwa make tisanasiye kuyamwa. Potero wapeza mlonda, wapulumutsanso moyo.

M'dziko muno muli mabungwe ogwira ntchito imeneyi. Ku Lilongwe kuli LSPCA ndipo ku Blantyre kuli BSPCA. Iwowa amatola agalu ndi amphaka otayidwa, kuwachiza, kuwabaya katemera, kuwatseka kuti asabereke, kenako n'kuwapezera mabanja. Ndalama imene amapempha ndi yothandizira chisamaliro chimenechi. Kuno ku Mzuzu, kawirikawiri galu wotere amachokera kwa neba kapena wachibale, ngati mmene zinalili ku Chibavi kuja. Zikatero, ntchito yomwe bungwe likanagwira yatsalira inu.

Musanamulandire

Choyamba ndi chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa galu. Zizindikiro zikangoonekera, mankhwala palibe. Koma katemera amagwira ntchito: mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo imfa za ana zinatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Pitani ku ofesi ya ziweto ya Mzuzu ADD kapena kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kuti galuyo aonedwe, abayidwe, ndipo musunge khadi lake. Katemerayu amayamba galu ali ndi miyezi itatu, ndipo abwerezedwe chaka ndi chaka. Galu wosadziwika kochokera, wotuluka dovu, woluma chilichonse kapena woyenda modzandira, musamugwire n'komwe. Kanenereni.

Wina akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo pitani naye kuchipatala, kaya ku Mapale kaya ku Mzuzu Central Hospital. Musadikire kuti muone kaye, musathire mankhwala a zitsamba. Agogo a matenda a shuga kapena a chilonda chosapola asalole galu kuwanyambita.

Chachiwiri ndi khalidwe lake. Kamwana ka galu kamalumphira anthu ndi kuzungulira m'miyendo, ndipo nkhalamba ikagwa n'kuthyoka chiuno, nthawi zambiri sidzukanso bwino. Sankhani wamkulu, wofatsa, wa msinkhu wapakati. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Woteroyo sauwanso pachabe. Muoneni masiku angapo mmene akuchitira ndi ana, ndi ndodo ya agogo kapena njinga ya munthu waulumali.

Chachitatu, adzamusamala ndani? Galu amafuna chakudya tsiku lililonse, nsima ya gaga yosakaniza bonya kapena zotsala, madzi abwino, mankhwala a njoka za m'mimba, a nkhupakupa ndi utitiri. Ndowe zake zichotsedwe. Kumumanga pa tcheni usana ndi usiku kumamusandutsa wolusa, komanso ndi nkhanza. Tikumbuke mayi uja wa mu Hadith yemwe analowa kumoto chifukwa chotsekera mphaka osam'patsa chakudya. Ngati pabanja palibe mnyamata kapena mtsikana amene angasenze udindowu, musawawonjezere agogo katundu.

Si galu wotsogolera osaona

Ophunzira athu a kusekondale amaona pa intaneti agalu akuwolotsa anthu osaona pamsewu, ndipo amafunsa. Agalu amenewo amasankhidwa ali aang'ono n'kuphunzitsidwa ndi akatswiri pafupifupi zaka ziwiri. Chisilamu sichiwakana: mu 2008 ma Ulama a ku Britain analola mnyamata wosaona wa ku Leicester kupita ndi galu wake kumzikiti, galuyo n'kumadikira pamalo amene anamukonzera, osalowa moswalira. Koma galu wotoledwa ku Chibavi sangagwire ntchito imeneyo. M'bale wosaona amafunikabe ndodo yoyera, kuphunzitsidwa kuyenda nayo, ndi dzanja la munthu pamsewu wa M1.

Galu salowa m'malo mwa mwana

Mantha athu aakulu si najisi, poti najisi imachoka ndi madzi ndi dothi. Mantha athu ndi mwana amene adzati, "Amayi ali ndi galu," n'kusiya kupitako. Mu Surah Al-Isra, ndime 23, Allah waika kuchitira zabwino makolo pafupi ndi kumupembedza Iye yekha, ndipo watchula mwapadera nthawi ya ukalamba wawo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, dziko litatopa ndi nkhani za agogo omenyedwa ndi kuphedwa powanamizira ufiti. Ambiri mwa owachitira zimenezi amakhala achibale awo omwe, ndipo amenewa galu sawauwa.

Galu sadzawatungira agogo madzi a wudhu, sadzawakumbutsa kumwa mankhwala a BP, sadzawawerengera Surah Yasin, sadzawaperekeza ku Eid. Izi ndi za ife. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Bambo uja tinamuuza kuti galuyo amusunge, amubayitse, amumangire pogona kumpanda, ndipo mwana wake wamkulu ndiye azimudyetsa. Tinamuuzanso kuti akamapita kunyanja azisiya mawu kwa neba, ndipo amayi a pamzikiti tawapempha kuti azisinthana kukawaona agogowo ikatha Swala ya Dhuhr. Nanunso muli ndi nkhalamba kapena munthu waulumali m'dera lanu amene amaswera yekha. Musanafunse ngati akufunika galu, kagogodeni kaye pakhomo pake.

Allah ndiye Wodziwa koposa.