Nkhuni zikatha fodya ali m'balani

Aliyense amene anakulira m'komboni ya pafamu ku Mvurwi, ku Banket kapena ku Karoi amadziwa kuti fodya wowotcha sauma ndi moto wa tsiku limodzi. Masamba akakolowekedwa m'balani, moto umayamba pang'onopang'ono mpaka tsamba lisanduke lachikasu. Kenaka amausonkhezera kuti tsamba liume. Kumapeto kwenikweni, poumitsa mtsempha wa pakati pa tsamba, ndi pamene kutentha kumafika cha m'madigiri 70 ndipo nkhuni zimatha kwambiri. Ntchito yonse imatenga pafupifupi sabata, wosonkha moto osagona. Nkhuni zikatha tsiku lachisanu, palibe amene amakondwa kuti wasunga nkhuni za masiku awiri. Mtsempha wauwisi umachita chuku m'belo, ndipo ku okushoni ku Harare belo lotere amalibweza. Wapita feteleza, lapita thukuta la panazale kuyambira mu June, zapitanso nkhuni zomwe zinapsa kale.

Sukulu ya mwana imayenda choncho. Giredi 1 mpaka 7 ndi moto wofatsa, Fomu 1 mpaka 4 umayamba kulusa, ndipo Fomu 5, Fomu 6 ndi yunivesite ndiwo moto wa mtsempha: fizi ya madola mazanamazana pa semesita, lendi, chakudya, basi, laputopu. Amene amadula thandizo la ophunzira okhoza bwino amaona ndalama za zaka zinayi zomalizazo. Kholo limaona zaka 13 zimene lasonkha kale.

Kale boma la Zimbabwe linkasonkha nawo moto umenewu. M'zaka za m'ma 1980, mwana wosankhidwa kupita ku University of Zimbabwe ankalandira ndalama za boma, zina zaulere, zina zangongole, moti mwana wa mmphawi ankaphunzira osagogoda pakhomo pa munthu. Ndondomeko ya zachuma ya ESAP itabwera mu 1991, makolo anauzidwa kuti azisenzako gawo. Mu 2006 thandizo lija linathetsedwa, m'malo mwake kukubwera cadetship: boma likulipirire, iwe udzagwire ntchito m'dziko muno zaka zofanana ndi zomwe unaphunzira. Papepala zinali zabwino. Koma boma linkachedwa kulipira, ngongole m'mayunivesite inakula, ndipo ndondomekoyo inafota mpaka kufa. Mu 2016 nduna Jonathan Moyo inayambitsa STEM, yolipirira ndi ndalama za thumba la ZIMDEF ana a Fomu 5 ndi 6 otenga masamu ndi sayansi. Mu 2018 Amon Murwira, yemwe analowa m'malo mwake, anaitseka. Mwana amene anachezera mabuku a Fomu 4 ali ndi chiyembekezo cha STEM anapeza khomo lili chitsekere.

Boma likachotsa nkhuni zake, aliyense amathamangira kunkhalango yake. Mphunzitsi wa m'tauni amatenga ngongole yodula kumalipiro. Mlimi wa kumudzi ku Murehwa amagulitsa ng'ombe. Nanga mdzukulu wa tchona, amene agogo ake anachoka ku Dedza kapena ku Angonia pa lole ya Ulere kapena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, agulitsa chiyani? Mudzi wake ndi komboni. Chaka cha 2000 chisanafike, mafamu akuluakulu ankalemba anthu oposa 300,000. Minda itagawidwa, ambiri ntchito inawathera, ndipo amene analandirako malo anali ochepa kwambiri. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa alendo anthu obadwira konkuno. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonzako zimenezi, komabe mpaka lero m'makomboni muli ana opanda kalata yakubadwa chifukwa amayi awo alibe chitupa, ndipo popanda kalatayo kulembetsa mayeso a ZIMSEC ndi nkhondo.

Sukulu za ana amenewanso n'zomvetsa chisoni. Zambiri zomwe zinatsegulidwa m'minda yogawidwa zinayambira m'nyumba zakale za eni mafamu, m'mashedi ndi m'mabalani enieni a fodya. Labotale kulibe, ndipo zina sizololedwa kulembetsa mayeso, ana amayenda mtunda kukalembera kwina. N'chifukwa chake ndimakana ndikamva kuti thandizo la okhoza bwino limapita kwa amene akuyenera basi. Pa mayeso a Fomu 6, mapointi 15 a mwana wa sukulu yogonera yokhala ndi magetsi ndi mapointi 10 a mwana amene amawerengera kandulo atachokera kosankha fodya, akulemera ndi ati? Joshua Nkomo Scholarship ya bungwe la Higherlife Foundation yathandiza ana ambiri, ndipo ndimaiyamikira, koma imatenga apamwamba okhaokha, pamene mwana wa m'komboni amene wafika Fomu 6 amakhala atapambana kale mpikisano womwe palibe anamulembera malikisi.

Fizi itakwera kwambiri ku University of Zimbabwe mu September 2022, ophunzira anachita zionetsero, ena n'kumangidwa. Kholo la pafamu siliyenda pamsewu ndi chikwangwani. Limakhala pakhonde n'kuwerengera zala. Mayi amalowa chipereganyu, amagulitsa nkhuku, amaonjeza maganyu opalira m'minda ya eni malo atsopano. Bambo amapita kwa kapitawo kukapempha malipiro a mwezi wamawa. Amaimbira mlongo wa mwanayo yemwe akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg kuti, "Iwe, mchimwene wako wakhoza, koma ife manja ali m'khosi." Semesita yoyamba imalipidwa chotero. Yachiwiri imalipidwa theka, mwana n'kuuzidwa kuti zotsatira za mayeso sazionanso mpaka atamaliza ngongole.

Koma chimene chimandiopsa ine ndi chimene chimachitika kwa azing'ono ake a mwanayo. Munthu amene fodya wake wawolera m'balani kamodzi sayatsanso moto asanaone mulu wa nkhuni ndi maso ake. Makolo akaona woyamba wabwerera kuchokera ku Bindura University of Science Education kapena ku Chinhoyi University of Technology wopanda pepala, amafunsana usiku kuti, "Bambo ake, uyu wa Fomu 2 tipitirize naye?" Yankho silifuna msonkhano. Mnyamata amapita kokumba golide ku Mazowe kapena ku Shamva. Mtsikana, amene nthawi zambiri ndiye amayamba kuchotsedwa, amapita kubanja asanakhwime. Ana amenewa salowa m'kaundula wa anthu olandidwa thandizo, chifukwa sanafike n'komwe pokalipempha.

Ena amati makolo azolowera zaulere, boma lilibe ndalama. N'zoona kuti dziko lomwe ndalama yake inasanduka mapepala mu 2008 silingalipirire aliyense. Koma ine sindinamvepo kholo la m'komboni likupempha zaulere. Anthu amenewa alipira chilichonse ndi msana wawo. Chomwe akufuna n'kudziwiratu. Ngati boma lingathe kuthandiza ana ochepa, linene ochepawo, ndalama zake lizipatuliretu, ndipo amene walowa atuluke ndi digiri. Lisayambitse ndondomeko imene moyo wake ukudalira kuti nduna yakutiyakuti ikhala pampando mpaka liti. Ndipo posankha, lizifunsanso kuti mwanayu waphunzirira pati.

Ngongole za ophunzira zodzera m'mabanki, zomwe boma linayesa pambuyo pake, zinatengedwa ndi ana ochepa, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Banki imafuna munthu wa malipiro okhazikika kuti asaine kuti mwana akalephera adzabweza ndi iye. Bambo wa pafamu amalembedwa ntchito nyengo yobzala, yothyola ndi yosankha fodya, kenaka amauzidwa kuti adikire mvula. Pepala la malipiro alibe, malo alibe, nyumba yomwe akugona ndi ya mwini famu. Fomu ya ngongoleyo imabwerera yosasaina, ndipo malo a mwana wake kuyunivesite amapatsidwa wina amene ali ndi amalume ogwira ntchito m'boma.