Thumba la yuriya lili ndi mamolekyu angati?

Mlimi wa kwa Jumbe kapena ku Msoro akamanga thumba la yuriya pa njinga, amadziwa kuti wanyamula makilogalamu 50. Mwana wake kusekondale amafunsidwa zina: m'thumbamo muli mamolekyu angati?

Tinthuti n'tosaoneka ndi maso, choncho akatswiri amatiwerenga m'magulu otchedwa mole. Mole imodzi ili ndi tinthu 6.02 × 10²³, nambala yotchedwa dzina la Amedeo Avogadro wa ku Italy.

Ine ndimayambira pa kulemera. Yuriya ndi CO(NH₂)₂: kaboni 12, okosijeni 16, nayitirojeni awiri 28, hayidirojeni anayi 4. Kuphatikiza zikwana 60, ndiye kuti mole imodzi imalemera magalamu 60. Makilogalamu aja muwasandutse kaye magalamu, chifukwa apa m'pamene ana ambiri amapunthwa pamayeso. Gawani 50,000 ndi 60, mupeza mamole pafupifupi 833. Chulukitsani ndi nambala ya Avogadro, mamolekyu akwana 5 × 10²⁶.

Chimene chimandikomera n'chakuti gawo la nayitirojeni, 28 mwa 60, ndi 46 peresenti ndi kanthu, nambala yomwe imalembedwa pathumba. Nayitirojeni amene chimanga chikufuna ndi makilogalamu 23 okha m'thumba lonselo.