Ndinangoperekeza amalume, koma BP inandigwira ine

Amalume anagwa Lachiwiri m'mawa ali pa shedi ya fodya kwathu ku Mpingu. Pomwe ndinkafika kuchokera pa Chitedze, komwe ndimachita ueijenti wa ndalama za pafoni, n'kuti kukamwa kutakhota kale, dzanja lamanja likungolendewera. Anthu anali atayamba kunong'onezana kuti amenyedwa hamala, ena mpaka kumatchula munthu yemwe anakangana naye za malire a munda.

Tinathamangira nawo ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Kumeneko anati ndi sitiroko, ndipo yemwe wawamenya si munthu ayi, koma magazi awo omwe, amene akhala akuthamanga kwa zaka zambiri iwo osadziwa.

Ndili chikhalire pabenchi, namwino wina anandifunsa: "Nanga inu achimwene, munayezetsa liti?"

"Aaa, sisita, ine zaka 31 zokha. Mutu sundipweteka, ndimadya bwinobwino."

"Bweretsani mkonowo."

Makina anaonetsa 152/96. Kuseka konse kunathera pomwepo.

Nambala yapamwambayo, anandifotokozera, ndi mphamvu yomwe magazi amakankhira mitsempha mtima ukamapopa. Yapansiyo ndi ya nthawi yomwe mtima ukupumira usanapopenso. Zikamafika 140/90 kapena kuposa, BP yakwera. Koma kuyeza kamodzi sikokwanira, poti mantha kapena kuthamanga zimaikweza kwakanthawi. Ndinakayezetsanso masiku ena awiri pa chipatala chaching'ono cha Chitedze, nditapuma kaye. Sizinasinthe kwenikweni.

Chondiopsa chinali chakuti sindinkamva kalikonse. Ambirife timaganiza kuti BP ndi ya mabwana onenepa a ku Area 10, kapena kuti ikakwera umachita chizungulire. Ayi ndithu. Imangodya mwakachetechete mitsempha ya mu ubongo, mtima, impso ndi maso, ngati paipi ya kudimba yomwe ukuipopa mopyola muyezo mpaka tsiku lina n'kuphulika. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 kuno ku Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Anandiuza kuti tiyambe tayesa kusintha kadyedwe ndi kakhalidwe kwa miyezi ingapo, zikakanika tilowe mankhwala. Nkhondo inayambira pa mchere.

WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasipuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera zonse zomwe wadya. Ine ndinkamaliza umenewo pa chiwaya pokha. Chipisi ndimathira mchere, kanyenya ndimasunsa mumchere wa tsabola, kunyumba kamulu kena pambali pa mbale ndisanalawe n'komwe ndiwo. Zomwe sindinkadziwa n'zakuti soda wothira mu thelere nayenso ali ndi sodium yemweyo wa mumchere, chimodzimodzi tizokometsera ta m'mapepala tija. Buledi nayenso ali nawo, ngakhale sumveka.

Mayi a kunyumba sanazikonde. "Ndiye abambo, anthu akabwera azinena kuti sinditha kuphika?" Tinagwirizana kuti mchere uzilowa pang'ono mumphika basi, patebulo usamafike. Sabata ziwiri zoyamba ndiwo zinkangomveka ngati madzi, ndisaname. Kenako lilime linazolowera. Tomato, anyezi, nsinjiro ndi kandimu zinayamba kugwira ntchito yomwe mchere unkaibisa. Tinawonjezera nyemba, bonongwe, mbatata ndi nthochi, zomwe zili ndi potaziyamu wothandiza kutsitsa BP. Zonsezi n'zapamsika pompano, ndipo n'zotchipa kuposa chipisi.

Zinazo sizinavute kwambiri. Ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse, ndiye ndinasiya kukwera kabaza pobwerera kunyumba. Ndimayenda ndawala mphindi 30 m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, masiku asanu pasabata, zomwe zimakwana mphindi 150 zomwe achipatala amalimbikitsa. Mowa ndinauchepetsa, anzanga n'kumati ndalowa mpingo. Fodya sindisuta, koma amalume ankasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, ndipo chinathandizira kuwononga mitsempha yawo.

Pali chimodzi chomwe chimandikwiyitsa. M'magulu a WhatsApp mukuyenda mauthenga oti adyo ndi ndimu zimachiza BP, tayani mapilitsi. Wina anatumizira azakhali, iwo n'kufuna kuwasiyitsa amalume mankhwala poti "akupeza bwino tsopano." Akupeza bwino chifukwa cha mankhwala omwewo! BP sichizika ngati malungo kuti wamaliza LA basi kwatha. Amene anayamba mankhwala amamwa tsiku lililonse, ndipo wosintha ndi dokotala yekha.

Patatha miyezi inayi, yanga inali pa 132/84. Anati ndipitirize ndipo ndizikayezetsabe, chifukwa pamtundu pathu ilipo kale.

Amalume akuyenda ndi ndodo. Kusoka fodya sangathenso, moti chaka chino munda walima ndi mwana wawo wamkulu, yemwe ali ndi zaka 27. Ndamuuza kangapo kuti akayezetse. Akuti apita akangomaliza kukolola.