Makina amasefa magazi, koma safewetsa mitsempha

Kuchoka ku Senga Bay kukafika ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Munthu amene impso zake zasiya kugwira ntchito amayenera kuyenda ulendo umenewu kawiri kapena katatu pa sabata, kukakhala maola anayi pa makina a dialysis amene amasefa magazi m'malo mwa impso. Chithandizocho n'chaulere m'zipatala za boma, koma minibasi, chakudya ndi pogona amalipira ndi abale.

Banja likapeza malo pa makinawo limapuma, n'kumati vuto latha. Koma madokotala amadziwa kuti ambiri mwa odwala oterewa amamwalira ndi matenda a mtima kapena sitiroko, ngakhale makina akugwira bwino ntchito yake.

Gwero lake nthawi zambiri limakhala mitsempha ikuluikulu yochotsa magazi ku mtima. Mtsempha wa munthu wathanzi uli ngati chubu cha njinga: mtima ukapopa umafufuma, kenaka n'kubwerera pang'onopang'ono uku ukukankha magazi. Impso zikafooka, mchere ndi madzi zimachuluka m'thupi, ndipo phosphorus amene amayenera kutuluka ndi mkodzo amatsalira m'magazi. Iyeyu amagwirana ndi calcium n'kumamatirira m'makoma a mitsempha mpaka chubu chija chimauma ngati payipi yachitsulo. Zikatero mtima umapopa movutikira, umakhuthala, ndipo pamapeto pake umatopa.

Kuumaku kumayezeka. Madokotala amaika kachipangizo pakhosi ndi kena m'mphechepeche, n'kuona liwiro limene kugunda kwa mtima kumayenda nalo pakati pa malo awiriwa. Mtsempha ukauma, liwiro limakwera.

Mu 1999, Jacques Blacher, Gérard London ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza pa odwala 241 a pa dialysis ku chipatala cha Manhès, kufupi ndi Paris. Anawatsata kwa zaka pafupifupi 6 ndipo 73 anamwalira. Amene liwiro lawo linkaposa mamita 12 pa sekondi anali pa chiopsezo cha imfa choposa kasanu poyerekeza ndi amene liwiro lawo silinkafika mamita 9.4. Mu 2001 gulu lomweli linaonanso odwala 150 amene anawatsitsa BP. Amene BP inatsika koma mitsempha n'kukhalabe youma, chiopsezo chawo chinali choposa kawiri cha anzawo amene mitsempha inafewerako.

Ku France n'kutali, ndipo chipangizo chotere simungayembekeze kuchipeza pa chipatala chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja. Komabe makina wamba oyezera BP amapereka chizindikiro. Amatulutsa manambala awiri, monga 120 ndi 80. Yapamwamba ikakwera kwambiri yapansi ili yotsika, tinene 170 ndi 70, mpata waukuluwo nthawi zambiri umasonyeza kuti mitsempha yayamba kuuma. Funsani adokotala kapena anamwino akuuzeni manambala onse awiri, muwalembe m'buku lanu la kuchipatala. Ambirife timangomva zoti "yakwera" n'kunyamuka.

Nkhani ya chakudya ndiyo imavuta kuno kunyanja. Usipa timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo muli phosphorus wambiri. Kwa munthu wa impso zabwino imeneyi ndi ndiwo yomanga thupi, ana asamanidwe. Koma kwa amene ali pa dialysis, mbale ya usipa tsiku ndi tsiku ikhoza kufulumizitsa kuuma kwa mitsempha, chimodzimodzinso zakumwa zakuda za m'mabotolo. Kumuuza msodzi kuti achepetse usipa si nkhani yapafupi, makamaka pamene ndalama ya ndiwo ina yathera pa ulendo wa ku Lilongwe. Muyezo wake akambirane ndi a ku chipinda cha dialysis, chifukwa wodwalayo amafunikabe zakudya zomanga thupi.

Mitsempha siuma tsiku limodzi. Imayamba kale munthu akali kupalasa bwato, BP ndi shuga zikumudya mwakachetechete. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa. Kunyanja kuno palinso likodzo, limene likakhalitsa limatha kutseka njira za mkodzo n'kuononga impso, chonsecho mankhwala ake a praziquantel alipo. Ma brufen ndi diclofenac amene timagula pagolosale msana ukawawa nawonso amapweteka impso akamwedwa kawirikawiri.

WHO imati mchere wa munthu wamkulu usapose magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa patchipisi ndi wa pakanyenya. Kuyezetsa BP ku chipatala cha boma cha Salima sikulipiritsa, ndipo kuchoka ku Senga Bay ndi makilomita 20 okha.