CITOLIRO CA KU ALEXANDRA CIMENE CINAOLOKA NYANJA

Abale anga a m'migodi, sabata ino ndifuna kukamba nanu za kwela, nyimbo ya m'misewu ya kuno ku Joni, ndi m'mene inafikira kutali kumene eni ace sanaganizire.

M'zaka za m'ma 1950 anyamata a ku Alexandra ndi malokeshoni ena a Johannesburg analibe ndalama zogulira malipenga. Cimene anali naco ndi citoliro ca citsulo ca mabowo 6, cotsika mtengo, gitala wakale, ndi bokosi la tiyi lomangapo cingwe cimodzi. Anali kuimirira pa mphambano za misewu ndi kuimba, anthu nawaponyera makobiri. Dzina la kwela ife a Cinyanja sititaya nthawi kufunsa tanthauzo lace, pakuti ndi mau amene apolisi anali kunena pokweza munthu m'galimoto lao.

Mu 1954 Spokes Mashiyane anajambula mbale za galamafoni ku kampani ya Trutone, ndipo kuyambira pamenepo makampani anayamba kusaka anyamata a zitoliro. Mu 1956 Jack Lerole ndi mbale wace Elias, a ku Alexandra, anajambula nyimbo yochedwa Tom Hark, dzina la gulu lao liri Elias and His Zig Zag Jive Flutes. Nyimboyi iribe zokometsera. Iyamba ndi anyamata ocita njuga pamsewu, apolisi nafika, kenaka zitoliro ziyamba kulira kamzere kamodzi kobwereza-bwereza. Mu 1958 anthu a ku England anaimva m'sewero la pa televizioni, The Killing Stones, ndipo inakwera kufikira nambala 2 pa mbale zogulidwa koposa m'dziko lonselo.

Tsono taonani ca patsogolo pace. Mu 1976 ndi 1977 anyamata a ku London anatopa ndi oimba olemera a zipangizo zodula, nayamba nyimbo yaukali ndi yaphokoso yochedwa punk. Magulu odziwika anali Sex Pistols ndi The Clash. Maganizo ao anali akuti munthu asadikire kuphunzira zaka zambiri: agwire gitala, adziwe magwiridwe atatu, aimbe. Kodi si comweco cimene ana a ku Alexandra anacita zaka 20 m'mbuyo mwace? Nkosadabwitsa kuti mu 1980 gulu la The Piranhas la ku Brighton, locokera m'nyengo yomweyo ya punk, linatenga Tom Hark, nkuikamo mau a Cingerezi, nifika nambala 6. Pambuyo pace anthu oonera mpira ku England anaitenga nkumaiimba m'mabwalo ao.

Kwathu nakonso kwela inafika. Amuna obwerera ku Nyasaland pa ulendo wa Wenela anali kunyamula galamafoni ndi mbale m'masutikesi. Ku Chileka, pafupi ndi Blantyre, Daniel Kachamba ndi mng'ono wace Donald anali ndi gulu lao la kwela. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakomana nao najambula nyimbo zao, ndipo pambuyo pace Donald anakaimba ku Ulaya.

Koma nkhani iri ndi mbali yace yowawa. Anyamata a Tom Hark analandira ndalama pang'ono kamodzi kokha, ndipo pa mbale dzina la mwini nyimbo linalembedwa la Rupert Bopape, amene anali kuyang'anira kujambula. Mbale zinagulidwa zambiri-mbiri kutsidya kwa nyanja, koma oliza zitoliro sanaone phindu lolingana ndi thukuta lao. Mashiyane yekha anacenjera: mu 1958 anapita ku kampani ya Gallo, kumene anapangana kuti azilandira gawo lace pa mbale iri yonse yogulidwa.

Ine nchito yanga ndi ya ulembi, ndipo tsiku ndi tsiku ndimaona anthu akudinda cala pa pepala limene sanalimve. Cifukwa cace ndikupemphani, makamaka inu amene mumaliza gitala m'komponi tsiku la Sabata: wina akadza kuti akujambuleni, funsani dzina la yani lilembedwa, ndi ndalama zingati, kamodzi kapena caka ndi caka. Ngati simudziwa kuwerenga, pezani mnzanu wokhulupirika akuwerengereni. Safunsa anadya phula.

Tsalani bwino. Ine wanu,
Mlembi wa pa mgodi.